BELU LIKALIRA PAKATI PA NCHITO

Ali yense amene anagwirapo nchito pa mgodi adziwa kuti woyendetsa cikepe saona anthu amene awanyamula. Iye akhala m'nyumba ya makina, ndipo cimene cimuuza zocita ndi belu. Belu silinena mau. Liri ndi ciwerengero cace cabe, ndipo ciwerengero ciri conse ciri ndi tanthauzo limene onse anapangana kale. M'kati mwa makompyuta mulinso belu la mtundu womwewo, ndipo akatswiri olemba mapulogalamu akhala ali kulimbana nalo kwa zaka zoposa 40. Funso lao ndi ili: kodi pulogalamu icite ciani belu likalira pamene iri pakati pa nchito yina?

Yankho limene anafikapo ndi lalifupi. Wolandira belu angolemba kuti belu lalira, nabwerera msanga. Nchito yeni-yeni icitike pambuyo, pa nthawi yace. Kuti cifukwa ca lamulo limeneli cimveke bwino, kuyenera kuyamba kufotokoza zinthu zitatu: cizindikiro, mzere wa zocitika, ndi zigawo zimene pulogalamu imangidwa nazo.

Kapitao ndi zizindikiro zace

M'kompyuta iri yonse muli pulogalamu imodzi yaikuru imene iyang'anira zinzace zonse. Pa Cingelezi aicha operating system, ndipo mtima wace aucha kernel. Nchito ya kernel ifanana ndi ya kapitao. Igawa nthawi, igawa malo osungiramo zinthu, ndipo ndiyo iri ndi mphamvu yoyambitsa pulogalamu kapena kuileketsa. Imodzi ya operating system zochuka ndi Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kulemba m'caka ca 1969 ku Bell Labs, m'dziko la America. Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki m'caka ca 1991, itsata malamulo a Unix, ndipo ndiyo iri pansi pa lamya za m'manja za Android ndi pansi pa makompyuta ambiri akuru otumikira anthu pa intaneti.

Kernel ikafuna kudziwitsa pulogalamu kuti kanthu kacitika, imaitumizira cizindikiro, cimene pa Cingelezi acicha signal. Cizindikiro ciri conse ciri ndi nambala ndi dzina. Munthu akakanikiza Ctrl ndi C pamodzi, pulogalamu ilandira cizindikiro ca nambala 2, cochedwa SIGINT, cimene citanthauza kuti ileke. Nambala 15, SIGTERM, ndi pempho laulemu lakuti pulogalamu itseke. Nambala 14, SIGALRM, ndi wochi imene pulogalamu inadzichera yokha kuti ilire nthawi ikakwana. Nambala 1, SIGHUP, inayamba masiku amene anthu anali kufika pa kompyuta kudzera pa waya wa lamya, ndipo inali kunena kuti lamya yadulidwa. Lero mapulogalamu ambiri otumikira aimva monga lamulo lakuti awerengenso malangizo ao. Palinso SIGCHLD, cimene cifika pamene pulogalamu yaing'ono, imene yaikuru inaiyambitsa monga mwana wace, yatsiriza nchito.

Pulogalamu ikapanda kukonzekera, zizindikiro zambiri zimaipha pomwepo, osasamala kuti inali kucita ciani. Koma iri ndi ufulu wouza kernel kuti cizindikiro cakuti cikafika cinyalanyazidwe, kapena kuti kernel iitane kagawo kena ka malangizo kamene pulogalamuyo yakonzeratu. Kagawo ka malangizo kokhala ndi dzina akacha function, ndipo function yolandira cizindikiro aicha handler. M'nkhani ino ichedwa wolandira. Zizindikiro ziwiri zokha sizilola wolandira: SIGKILL, ca nambala 9, cimene cipha pulogalamu mosafunsa, ndi SIGSTOP, cimene ciiimitsa.

Poyamba makonzedwe amenewa sanali odalirika. Mu Unix ya 1979, yochedwa Version 7, kernel inali kuiwala wolandira nthawi iri yonse cizindikiro cikafika. Wolandira anayenera kudzilembetsanso, ndipo cizindikiro caciwiri cikafika iye asanatero, pulogalamu inali kufa. A ku University of California ku Berkeley anakonza bvuto limeneli mu Unix yao ya 4.2BSD m'caka ca 1983, ndipo malamulo a POSIX a 1988 anakhazikitsa njira yochedwa sigaction, imene igwiritsidwa nchito kufikira lero. Koma cinthu cimodzi sicinasinthe: cizindikiro cifika nthawi iri yonse, osagogoda.

Kalaliki wa pa zenera

Mapulogalamu ambiri a masiku ano atha moyo wao ali kudikira. Pulogalamu yotumikira pa intaneti idikira anthu ofunsa masamba. Pulogalamu ya pa lamya idikira cala ca mwini wace. Ciri conse cotere cikacitika acicha event, ndiko kuti cocitika, ndipo pulogalamu yomangidwa kuti iyankhe zocitika aicha event-driven.

Macitidwe ace afanana ndi a kalaliki wa pa zenera la malipiro. Pakakhala palibe munthu, kalaliki akhala cete. Munthu akafika, amthandiza kufikira nkhani yace yatha, natseka buku, ndipo pamenepo ndi pamene aitana wotsatira. Kuzungulira kumeneku, kudikira, kutumikira mmodzi, kubwerera kukadikira, akucha event loop. Podikira, pulogalamu iitana function ya kernel yonga select, poll kapena epoll, niipatsa mndandanda wa makomo onse amene mungadzere nkhani. Kernel igoneka pulogalamuyo kufikira khomo lina litagogodedwa.

Ubwino wa njira imeneyi uli pa lonjezo limodzi: nkhani ziwiri sizisakanikirana. Pakati pa munthu woyamba ndi waciwiri mabuku onse ali olongosoka, ndipo wolemba pulogalamu angathe kudalira zimenezo.

Cacitatu ndi kamangidwe. M'zinenero za kompyuta zonga C++, cimene Bjarne Stroustrup anayamba ku Bell Labs m'caka ca 1979, pulogalamu igawidwa m'zigawo zochedwa object. Maganizo amenewa anayambira ku Norway, m'cinenero ca Simula ca Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard, m'zaka za m'ma 1960. Object iri yonse iri ngati tebulo la m'ofesi: liri ndi buku lace ndi nchito zace zimene lidziwa kucita. Matebulo 50 angagwire nchito ya mtundu umodzi, koma liri lonse liri ndi buku lace-lace. Cotero poitana nchito ya object pafunika zinthu ziwiri: dzina la nchitoyo, ndi tebulo limene liigwire.

Bvuto loyamba: belu lipite kwa yani

Kernel siidziwa kanthu za matebulo. Iyo isunga keyala imodzi ya function pa cizindikiro ciri conse, ndipo poitana ipereka nambala ya cizindikiroco, nthawi zina pamodzi ndi mbiri yocepa ya kumene cacokera. Palibe malo onenapo kuti nkhaniyi ndi ya object yakuti. Cifukwa ca ici nchito wamba ya object siingalembetsedwe monga wolandira.

Ndiponso wolandira ndi mmodzi pa pulogalamu yonse. Zigawo ziwiri zolembedwa ndi anthu osiyana zikafuna kumva SIGTERM, ndipo ciri conse cikalembetsa wolandira wace, comalizira cifafaniza coyamba mwakacete-cete. Coyambaco cidzadikira belu limene silidzacifikanso.

Mankhwala a bvuto ili ndi kaundula. Pulogalamu ikhala ndi object imodzi yokha yoyang'anira zizindikiro. Iyo isunga mndandanda wonena kuti nambala yakuti ikafika, auzidwe a tebulo lakuti, ndipo ndiyo yokha imene ilembetsa function kwa kernel. Function imeneyo si ya tebulo liri lonse. Nchito yace ndi kuyang'ana m'kaundula ndi kupereka nkhani kwa eni ace. Douglas Schmidt, amene anafotokozanso kamangidwe ka event loop kochedwa Reactor, analongosola njira imeneyi m'magazini ya C++ Report m'caka ca 1998.

Kaundula ayankha funso lakuti belu lipite kwa yani. Sayankha funso lina lobvuta koposa, lakuti eni acewo auzidwe liti.

Bvuto laciwiri: nthawi

Cizindikiro cikafika, kernel iimitsa pulogalamu pamene iri pomwepo, ngakhale pakati pa masamu, niitana wolandira. Wolandira akatsiriza, pulogalamu ipitiriza osadziwa kuti inaimitsidwa. Apa lonjezo lija la mzere lasweka.

Citsanzo ndi ici. Kalaliki ali kusamutsa K200 kucokera pa tsamba la munthu mmodzi kupita pa tsamba la wina. Wacotsa kale pa tsamba loyamba, koma sanalembe pa laciwiri. Pa kamphindi komweko mesenjala alowa, namgwira dzanja, natenga buku kuti aonkhetse ndalama zonse. Ciwerengero cimene apeze cidzacepa ndi K200, ngakhale palibe amene waba. Ndipo mesenjalayo akalembamo kanthu m'bukumo, kalaliki pobwerera adzatsiriza kulemba zimene anali nazo m'mutu, pamwamba pa tsamba limene lasintha iye osadziwa.

Buku loopsa koposa m'pulogalamu ndi la wogawa malo. Object yatsopano iri yonse ifuna malo mu memory ya kompyuta, ndipo function yochedwa malloc ndiyo ipereka malowo, pamene inzace, free, iwalandira akatha nchito. Ziwirizi zisunga mndandanda wa malo opanda kanthu, ndipo posintha mndandandawo zicita masitepe angapo motsatana. Belu likalira pakati pa masitepewo, ndipo wolandira akaitananso malloc, apeza mndandanda wolembedwa theka. Cotsatira cace ndi cimodzi ca ziwiri. Mwina mndandanda uonongeka, malo amodzi naperekedwa kwa eni awiri. Mwina, ngati buku linali lokhomedwa ndi loko kuti awiri asalembemo pamodzi, wolandira adikira kuti loko itsegulidwe, pamene wosunga kiyi ndi pulogalamu yomweyo imene iri kudikira kuti wolandira atsirize. Onse awiri adikirana kosatha.

Cifukwa ca zimenezi malamulo a POSIX ali ndi mndandanda wa ma function amene wolandira aloledwa kuitana. Muli write, read, waitpid, kill ndi _exit. Mulibe malloc, mulibe free, mulibe printf yosindikiza mau, mulibenso syslog yolemba m'buku la zocitika. Tsono nchito wamba ya object ipanga ma object ena, ilumikiza mau, ilemba mbiri, ndipo pafupi-fupi zonsezi zidzera kwa wogawa malo. Kotero kaundula akaitana tebulo pa nthawi imene belu lalira, waswa lamulo, ngakhale kamangidwe kace kaoneka kaudongo.

Coipa ca colakwa cotere ndi cakuti cibisala. Kamphindi kangozi ndi kakang'ono kwambiri, ndipo pulogalamu ingayesedwe nthawi zikwi-zikwi osaonetsa bvuto. Idzalephera tsiku limene nchito yacuruka, ndipo ofufuza sadzatha kubwereza kulepherako.

Zimene zinacitikira OpenSSH

Ena angaganize kuti ngozi yocepa cotere siiyenera kudetsa nkhawa. Koma munthu woipa sadikira mwai, amaupanga. M'caka ca 2001 Michal Zalewski wa ku Poland anaonetsa kuti zolakwa za olandira zizindikiro, m'mapulogalamu onga Sendmail, zingagwiritsidwe nchito kuthyola kompyuta.

Citsanzo cacikuru ca posacedwa ndi ca OpenSSH. Iyi ndi pulogalamu imene oyang'anira makompyuta alowera nayo m'makina ao ali kutali, ndipo mbali yace yolondera pa khomo, yochedwa sshd, iri ndi mphamvu zonse pa kompyutayo. Mlendo akagogoda, apatsidwa masekondi 120 kuti adzionetse kuti ndani. Akalephera, wochi ilira, SIGALRM nicifika. Wolandira wa cizindikiro cimeneci anali kulemba m'buku la zocitika kuti mlendo wacedwa, pogwiritsa nchito syslog. Ndipo pa Linux yokhala ndi glibc, syslog iitana malloc ndi free.

Pa 1 July 2024 ofufuza a kampani ya Qualys analengeza kuti colakwa cimeneci, cimene cinapatsidwa nambala ya CVE-2024-6387, cingalole munthu wopanda dzina kapena kiyi kulanda kompyuta yonse. Njira yace inali kutumiza mau okonzedwa mwaluso ndi kuwerengera nthawi, kuti wochi ilire pamene sshd iri pakati pa malloc. Pa makina a 32-bit, m'nyumba yoyesera, anafunika kuyesa pafupi-fupi nthawi 10,000, ndipo nchitoyo inali kutenga maola 6 kufikira 8.

Cophunzitsa kwambiri ndi mbiri yace. Colakwa comweco cinapezedwa ndi kukonzedwa m'caka ca 2006. Mu October 2020, pokonzanso mbali yolemba mbiri, mzere umene unali kuchinjiriza wolandira unacotsedwa mosazindikira, ndipo bvuto linabwerera kuyambira pa OpenSSH 8.5. Olemba pulogalamu imeneyi ali m'gulu la anthu osamala koposa pa nchito yao. Mu OpenSSH 9.8 anathetsa bvutolo pocotsa nchito yoopsayo m'manja mwa wolandira ndi kuipereka kwa pulogalamu yaikuru yolondera pa khomo, kuti iicite pa mzere wace, pa nthawi yabwino. Akuru anati kuthamanga sikufika. Wolandira wofulumira kutsiriza zonse pomwepo ndiye anatsegulira mbala khomo.

Mbendera, ndi cofoka cace

Njira yapafupi yosunga lamulo ndi mbendera. Pulogalamu ikhala ndi kabokosi kosunga nambala imodzi, ka mtundu umene cinenero ca C ciucha volatile sig_atomic_t, ndiko kuti kabokosi kamene kalembedwa ndi sitepe imodzi, kosapezeka kolembedwa theka. Wolandira aikamo 1, nabwerera. Kalaliki, akatsiriza munthu ali yense, ayang'ana kabokosiko; akapeza 1, aitana matebulo a m'kaundula, mabuku onse ali otseka.

Koma mbendera iri ndi mpata. Kalaliki ayang'ana kabokosi, napeza 0, natembenuka kuti akagone pa select. Belu lilira pakati pa kuyang'ana ndi kugona. Wolandira aika 1, koma kalaliki anayang'ana kale, ndipo agona. Ngati ndi usiku ndipo palibe wofika pa zenera, pempho lakuti atseke lingakhale m'kabokosi maola ambiri osaonedwa.

POSIX ya 2001 iri ndi function ya pselect yotseka mpata umenewu. Pulogalamu iyamba yauza kernel kuti isunge zizindikiro osazipereka, niyang'ana mbendera, ndipo pselect itsegula khomo la zizindikiro ndi kugona monga sitepe imodzi yosagawika. Cizindikiro cimene cinafika pakati cidikira, nicidzutsa pulogalamu pomwepo.

Kampope kobwerera kwa mwini

Njira yina, imene yafala kwambiri, ndi ya Daniel Bernstein, ya ku ciyambi kwa zaka za m'ma 1990, yochedwa self-pipe. Mu Unix muli cinthu cochedwa pipe, conga mpope: cimene calembedwa ku mapeto amodzi cituruka ku mapeto ena. Pulogalamu itsegula kampope kotere kolowera kwa iyo yokha, niika mapeto oturukira pa mndandanda wa makomo amene select ilondera. Wolandira acita cinthu cimodzi cabe: alemba byte imodzi m'kampopemo ndi write, imene iri yololedwa.

Tsopano mpata uja watsekeka. Belu likalira kalaliki asanagone, byte iri kale m'mpope, ndipo select ibwerera pomwepo. Likalira ali m'tulo, byte imdzutsa. Likalira ali pakati pa nchito, byte idikira kufikira atatsiriza. Mesenjala sagwiranso dzanja la kalaliki. Asiya kapepala pa mzere monga munthu wina ali yense. Cizindikiro casanduka cocitika wamba, ndipo object iri yonse ingaciyankhe ndi zida zace zonse.

Pali zinthu ziwiri zazing'ono zofunika kusamala. Coyamba, kampope kaikidwe mwakuti kakadzala, write ibwerere msanga osadikira; palibe cotayika, pakuti mpope wodzala udzadzutsa kalaliki ndithu. Caciwiri, pali kabokosi kochedwa errno, m'mene mulembedwa cifukwa cimene nchito yomalizira yalepherera. Wolandira asunge cimene anapezamo polowa, nacibwezere poturuka, kuti pulogalamu imene inaimitsidwa isawerenge cifukwa colakwika.

Pambuyo pace ma kernel ena anapanga njira zao zosafuna wolandira konse. FreeBSD 4.1 ya m'caka ca 2000 inabwera ndi kqueue ya Jonathan Lemon, imene ilondera zizindikiro pamodzi ndi makomo ena. Linux 2.6.22 ya m'caka ca 2007 inabweretsa signalfd, khomo limene pulogalamu iwerengapo zizindikiro monga makalata. Wogwiritsa nchito signalfd ayenera kuyamba watseka njira yakale ya zizindikirozo, ndi kukumbuka kuti ana amene pulogalamu iyambitsa alandira kutseka komweko monga colowa, akapanda kutsegulidwanso.

Mapulogalamu ena ali ndi anchito angapo m'kati mwao, ochedwa thread, ogwira nchito nthawi imodzi. Kernel ipereka cizindikiro ca pulogalamu yonse kwa ali yense wa iwo amene sanacitsekere. Pamenepo mwambo wabwino ndi wakuti onse acitsekere, ndipo mmodzi yekha akhale pa function ya sigwait, kudikira zizindikiro ndi kuzipereka pa mzere.

Zinenero ndi zida zambiri zinatenga nzeru yomweyi niziibisa pansi. Mu Python, wolandira weni-weni wa m'kati angoika mbendera, ndipo function imene munthu analemba iitanidwa pambuyo pace ndi thread yaikuru. Mu Go, signal.Notify itumiza cizindikiro pa njira yochedwa channel, kumene pulogalamu icitenga ikakonzeka. Mu Node.js cizindikiro cifika monga cocitika ca mu event loop. Malangizo a Qt, zida za C++ zopangira mapulogalamu a pa zenera, aphunzitsa kuti wolandira alembe byte imodzi, ndipo object yochedwa QSocketNotifier iimve. Maina asiyana, koma nzeru ndi imodzi.

Zotsala zofunika kukumbuka

Zizindikiro wamba siziima pa mzere. Kernel isunga cabe kuti nambala yakuti iri kudikira, osati kuti yafika kangati. Ana atatu akatsiriza nchito pa kamphindi kamodzi, kholo lingamve SIGCHLD kamodzi kokha. Pulogalamu yoganiza kuti belu limodzi ndi mwana mmodzi idzasiya awiri osawerengedwa, ndipo maina ao adzakhala m'buku la kernel monga mizukwa, imene pa Cingelezi aicha zombie, kufikira bukulo lingadzale. Njira yoyenera ndi kufunsa ndi waitpid mobwereza-bwereza, osadikira, kufikira yankho likhala lakuti palibenso wina.

Caciwiri, belu lingadule kudikira. Function yonga select kapena read ingabwerere isanatsirize, ndi yankho lochedwa EINTR. Si kulephera kweni-kweni ai, ndipo pulogalamu iyenera kuyang'ana zizindikiro zace ndi kuyesanso.

Cacitatu, pali zizindikiro zina zosacokera kunja, koma zobadwa ndi colakwa ca pulogalamu yomweyo. SIGSEGV, nambala 11, cifika pulogalamu ikakhudza malo osakhala ace. SIGFPE, nambala 8, cifika pa masamu osatheka, monga kugawa nambala ndi 0. Izi sizingaikidwe pa mzere, pakuti wolandira akabwerera, kawiri-kawiri pulogalamu ibwereza lamulo lomwelo nilakwanso. Cimene wolandira angathe pamenepo ndi kulemba mau ocepa ndi write, ndi kulola pulogalamu kufa.

Kutseka mwaulemu

Phindu la makonzedwe onsewa lioneka bwino pa nthawi yotseka. SIGTERM cikafika monga cocitika ca pa mzere, object yolondera pa khomo ileka kulandira alendo atsopano. Ma object otumikira alendo amene ali kale m'kati atsiriza nkhani zao. Object yosunga mabuku ilemba zotsala zonse pa disiki, ndipo pamenepo pulogalamu ituruka. Palibe ndalama yotsala pakati pa masamba awiri, palibe kalata yolembedwa theka.

Koma nthawi yocitira zimenezi iri ndi malire. Docker, akapanda kuuzidwa zina, adikira masekondi 10 atatumiza SIGTERM. Kubernetes adikira masekondi 30. Systemd, woyambitsa ndi kuleketsa mapulogalamu pa Linux zambiri, adikira masekondi 90. Nthawiyo ikatha, cifika SIGKILL, cimene ciribe wolandira. Ici cionetsa mangawa amene njira ya mzere iri nao. Popeza cizindikiro cidikira kuti kalaliki atsirize munthu amene ali naye, nkhani imodzi yotalika kwambiri ingacedwetse kutseka kufikira SIGKILL citafika. Cotero wolemba pulogalamu ayenera kugawa nchito zazitali m'zidutswa zazifupi, kuti mzere uzungulire kawiri-kawiri.

Munthu wopatsidwa nchito yoyang'ana pulogalamu ya mnzace angayambe ndi wolandira, nafunse mafunso atatu. Kodi wolandira aitana function yosapezeka pa mndandanda wa POSIX, iye mwini kapena kudzera mwa function yina imene aitana? Kodi akhudza buku la object iri yonse? Kodi cizindikiro cofika kalaliki ali pafupi kugona cidzamdzutsa? Mafunso amenewa ayenera kufunsidwanso nthawi iri yonse pulogalamu ikasinthidwa, ngakhale kusinthako kuli kutali ndi wolandira, pakuti ku OpenSSH colakwa cokonzedwa m'caka ca 2006 cinabwerera patapita zaka 14, pamene anali kukonza mbali yolemba mbiri.